Khadi la ku Sikelo: Kodi Limalankhula ndi Yani?

Mwa zolembedwa zonse zimene zimalowa m'nyumba za kumudzi, n'zochepa zimene zimasungidwa mosamala monga khadi la mwana la ku sikelo, kapena kabuku kamene kanalowa m'malo mwake. Mayi amalikulunga m'pulasitiki, naliika kumene chiswe ndi mvula sizifika. Popeza cholembedwa chilichonse chili ndi mlembi, owerenga ndi cholinga, nkoyenera kuti khadili nalonso liweruzidwe monga timaweruzira buku la sukulu. Funso lathu ndi ili: kodi uthenga wake umafika kwa anthu amene ali ndi mphamvu pa moyo wa mwanayo?

Tiyambe ndi chiyambi chake. Dokotala wa ana wa ku Britain, David Morley, anapita ku Nigeria m'chaka cha 1956, ndipo pogwira ntchito m'mudzi wa Imesi-Ile anakhazikitsa sikelo ya ana osaposa zaka zisanu, nakonza khadi limene linatchuka ndi dzina lakuti Road to Health, ndiko kuti njira ya ku moyo wabwino. Nzeru za khadili zinali zitatu. Poyamba, miyezi yolembedwa m'munsi mwake imayambira mwezi umene mwanayo anabadwa, kotero kuti woyeza savutika kuwerengera msinkhu nthawi iliyonse. Kachiwiri, kulemera kwa mwana kumasanduka kadontho, ndipo timadonthoto tikalumikizidwa timapanga mzere umene diso lingautsate ngakhale mwini diso sadziwa kuwerenga. Kachitatu, ndipo apa mpamene pagona ulemu wake, khadi silitsala m'kabati ya chipatala koma limapita kunyumba ndi mayi. Mbiri ya mwana inaperekedwa m'manja mwa mwini mwana.

Zimenezi tiyenera kuziyamikira. Koma tsono tiyeni tione mudzi umene khadili limafikako. Kwathu kuno uthenga wa sikelo umayenda m'njira yodziwika: mlangizi wa zaumoyo amauza nyakwawa, nyakwawa imalengeza pa msonkhano, ku tchalitchi kapena ku mzikiti, ndipo komiti ya zaumoyo ya m'mudzi imakumbutsa amayi. Pa tsikulo sikelo imapachikidwa pa nthambi ya mtengo, ana nayezedwa mmodzimmodzi. Dongosolo limeneli limasonkhanitsa anthu bwino ndithu. Koma mayi akabwerera kunyumba amalowa m'dongosolo lina, lakale kuposa loyambalo. Pakati pa Achewa mwana ndi wa mbumba. Agogo ake aakazi ndiwo amanena nthawi yoyamba phala ndi zoika m'phalamo. Atsibweni amafunsidwa mwana akadwala kwambiri. Bambo ndiye kawirikawiri amanena ngati mtedza ugulitsidwe kapena usungidwe. Kumpoto, kumene ana amatsata kuchimuna, apongozi ndiwo ali ndi liwu. Khadi limalankhula ndi mayi yekha, pamene oweruza mlandu wa chakudya cha mwana ali anayi kapena asanu, ndipo ambiri a iwo safika pansi pa mtengo paja.

Chilema chachiwiri ndi cha chinenero. Anthu ena amaganiza kuti chithunzi chimamveka chokha, koma si choncho ayi. Mzere wa pa khadi ndi chinenero chimene munthu ayenera kuchiphunzira: kuti kumanja ndiko kupita kwa miyezi, ndi kuti kumwamba ndiko kulemera. Ndiponso chofunika kwambiri si malo amene kadontho ka lero kagwera, koma kumene mzere ukulowera. Mwana wamng'ono thupi amene mzere wake ukukwera ali bwino kuposa wonenepa amene mzere wake waima miyezi itatu. Mfundo imeneyi ikapanda kunenedwa m'mawu athu, mayi amangoona kadontho ndi zilembo zodula za Chingerezi zimene woyeza walemba mofulumira, mzere wa amayi uli kudikira. Pamenepo agogo ali nalo kale liwu lawo. Mwana akawonda ndi kutupa iwo amati ndi tsempho, ndipo liwu limenelo limabwera ndi chifukwa chake, wolakwa wake ndi mankhwala ake. Mzere wopanda dzina sungapikisane ndi liwu lotere. Pafunika kuti mawu atatu, "akukwera", "waima" ndi "akutsika", alembedwe ndi zilembo zazikulu pambali pa timizere tosonyeza zimenezo, ndi kuti woyeza awanene mokweza kwa mayi aliyense, kuti mayiyo akathe kuwabwereza kwa agogo ndi kwa bambo.

Morley mwini anaona vutoli, ndipo pambuyo pake anathandiza kukonza sikelo imene khadi limalowetsedwamo, kotero kuti mayi mwini ndiye amaika kadontho ndi cholembera pamene kulemera kwa mwana kwakokera. Wolemba ndi dzanja lake saiwala msanga. Chitsanzo china ndi tepi yoyezera mkono wa ana a miyezi 6 mpaka 59. Mkono ukachepera masentimita 11.5 tepi imasonyeza kufiira, pakati pa 11.5 ndi 12.5 chikasu, kupitirira apo kubiriwira. Tepiyi siuza mbiri ya miyezi monga khadi, koma ili ndi ubwino umodzi woposa: agogo angaigwire okha, naona ndi maso awo, ndipo mitundu itatuyo ili ndi maina m'chinenero chathu.

Chilema chachitatu nchakuti kulemera sikunena zonse. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osaposa zaka zisanu m'Malawi anali opinimbira, ndiko kuti aafupi poyerekeza ndi zaka zawo. Kupinimbira kumabwera mwakachetechete, ndipo m'mudzi umene ana ambiri ali aafupi, anthu amangoti ndi mtundu. Miyezo ya kakulidwe ka ana imene bungwe la WHO linatulutsa mu 2006 inasonyeza kuti ana a maiko osiyanasiyana, akadyetsedwa ndi kusamalidwa bwino, amakula mofanana m'zaka zoyambazi. Chotero mzere wa kutalika uyenera kufotokozedwa mofanana ndi wa kulemera, pakuti m'mera mpoyamba.

Chiweruzo chathu tsono nchakuti khadi la ku sikelo linaganiziridwa mwanzeru, koma lili ngati buku labwino limene owerenga ake sanaphunzitsidwe zilembo zake. Apa mpamene ntchito ya ife aphunzitsi ionekera. Pophunzitsa kujambula ndi kuwerenga mizere ya masamu, tisangotenga zitsanzo za mvula ndi mitengo ya katundu. Tijambule pa bolodi khadi la mwana wongopeka, ophunzira aike timadontho, nanene m'Chichewa chimene mzerewo ukutanthauza. Anyamata aphunzire pamodzi ndi atsikana, pakuti iwo ndiwo abambo ndi atsibweni a mawa, amene adzaweruza za mtedza uja.