Kamera ikhale mbali ya ndani?

M'tinyumba toonetsera mafilimu ta ku Mgona, ku Chinsapo ndi ku Area 23, amene ali ndi mphamvu zambiri pa filimu si amene anaijambula. Mphamvuzo zili ndi DJ womasulira m'Chichewa. Iye ndiye amauza anthu poti aseke ndi poti akhale chete. Nanga akafika pamene mkazi akugwiriridwa, amatani? Ena amaponyapo nthabwala, holo yonse n'kuphulika ndi phwete, ana asukulu ali pabenchi lakutsogolo. Zimenezi zimandipweteka mtima. Komabe sindingamusenzetse DJ mlandu wonse, chifukwa nthawi zambiri wojambula ndiye amakhala atamutsegulira khomo.

Taonani mmene zochitika zotere zimajambulidwira. Kamera imaima pamene paima mwamunayo. Imatsetsereka pathupi la mkazi, kuchedwa pa chovala chong'ambika, ngati wogula amene akupima nyama pa butchala. Nkhope ya mkaziyo timaiona pang'ono chabe, ndipo mawa lake filimu yamuiwala. Nkhani yasanduka ya mchimwene wake kapena mwamuna wake amene akukabwezera. Ululu wa mayiyo wangogwiritsidwa ntchito yoyatsa ndewu ya amuna.

Kutalika kwa chithunzi sikupulumutsa. Gaspar Noé mu Irréversible ya 2002 anasiya kamera pamalo amodzi kwa mphindi pafupifupi 9 kuti woonera avutike, koma kuvutika kwa woonera sikutipatsa mawu a mkaziyo. Ndipo Maria Schneider, amene anali ndi zaka 19 posewera mu Last Tango in Paris ya 1972, anadzanena patapita zaka kuti anachititsidwa manyazi pa chithunzi chimene sanauzidwe bwinobwino pasadakhale. Nkhanza zikhoza kukhala kuseri kwa kamera komwe.

Kwathu kuno Shemu Joyah anasankha njira ina. Mu Seasons of a Life, Sungisa, mtsikana wantchito amene Flora Suya anamusewera, apatsidwa mimba ndi bwana wake, nasiya mwana kuti apitirize sukulu. Filimuyo siimusiya pamenepo. Imamutsata mpaka abwerere patapita zaka 6 kudzafuna mwana wake. Luso lake lili pamenepa: nthawi yambiri yapatsidwa kwa moyo wa pambuyo pake, ndipo mwini nkhani ndi Sungisa, osati bwanayo. Mtsikana aliyense wochapa ndi kuphika m'nyumba za eni ku Area 25 angaizindikire nyumba imeneyo.

Chimene ndimatsutsana naye Joyah ndi kudalira bwalo la milandu. Mu filimuyi, ngakhalenso mu The Road to Sunrise ya 2017, nkhani ya mkazi imakafika pamaso pa woweruza. Bwalo limapatsa wolemba mathero osavuta, koma amayi ambiri a m'makomboni safika n'komwe kupolisi. Nkhani imathera kwa ankhoswe kapena kwa amfumu, atauzidwa kuti asachititse banja manyazi. Ngakhale amayi 18 a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu, amene Khoti Lalikulu linalamula mu 2020 kuti apepesedwe ndi ndalama chifukwa cha nkhanza za apolisi za mu 2019, anabwerera kumidzi komwe aliyense akuwadziwa. Filimu ya kuno imene ndikuifuna ndi yoyambira tsiku limenelo: mayi akupita kumjigo, anzake atasiya kulankhula atamuona.