Machiavelli Akanaiona Nintendo

Anzanga, sabata ino tiyeni tipume pa ndakatulo. Titenge kabuku ka Niccolò Machiavelli, Il Principe, kamene analemba mu 1513 atachotsedwa ntchito m'boma la Florence, tikayesere pa kampani ya magemu ya Nintendo ku Kyoto. Musaseke. Ngati munasewerapo Mario, ndiye kuti munapondapo mu ufumu wa Hiroshi Yamauchi.

Mkuluyu anakhala pampando mu 1949 ali ndi zaka 21, kampaniyo ikungopanga makadi osewerera. Machiavelli amalangiza mfumu yatsopano kuti nkhanza zimene sizingapeweke izichite kamodzi n'kamodzi, osati pang'onopang'ono. Yamauchi anatero ndendende: wachibale wake anachotsedwa ntchito, akuluakulu akale amene ankamuderera anawapitikitsa. Analamulira mpaka 2002, munthu woti magemuwo sankawasewera n'komwe.

M'zaka za m'ma 1980 ku America, kampani yofuna kutulutsa gemu pa makina a Nintendo inkaloledwa magemu asanu okha pa chaka, ndipo gemuyo isaoneke pa makina a ena kwa zaka ziwiri. Onse ankaopa, Nintendo n'kumalemera. Apa ndi pamene okonda kutchula Machiavelli amaimira, amvekere: mwaona, kuopedwa kumaposa kukondedwa! Koma kabukuko amakawerenga theka. Munthu yemweyo anachenjeza kuti kuopedwa kusafike pa kudedwa, komanso kuti ukavulaza munthu osamumaliza, wadzisungira wobwezera.

Taonani za 1991. Sony inalengeza pachionetsero cha ku Chicago kuti ikupanga makina a CD mogwirizana ndi Nintendo. Kutacha, Nintendo inalengeza kuti yagwirizana ndi Philips. Kumeneko kunali kuchenjera kwa nkhandwe kumene Machiavelli amakuyamikira, inde, koma munthu wochititsidwa manyazi pagulu uja anatsala wamoyo, ndalama zake zili m'thumba. Mu 1994 Sony inatulutsa PlayStation. Makampani aja amene ankagonjera chifukwa chosowa kolowera anayamba kusamuka, ndipo Final Fantasy VII ya Square inatuluka mu 1997 kwa Sony. Kwa ine, apa Yamauchi sanalakwe chifukwa chotsatira Machiavelli ayi. Anamutsatira moperewera.

Chimene chimandivuta ndi Satoru Iwata, amene analowa m'malo mwake, woyamba wosachokera kubanja la Yamauchi. Wii U italephera kuyenda malonda, iye anakana kuchotsa antchito, nati munthu wogwira ntchito ali ndi mantha sangapange gemu yogometsa anthu. Mu 2014 anadula malipiro ake ndi theka. Inu mukuti Machiavelli akanati chiyani pamenepa? Mwina akanati n'kufooka, mwinanso akanati ndi nzeru yosunga asilikali akoako m'malo modalira aganyu, amene iye ankadana nawo koopsa. Ine ndili ku mbali yachiwiriyo. Kungoti kabuku kake kamadziwa anthu omvera ndi omenya nkhondo, za anthu olipidwa kuti alote zinthu zatsopano mulibemo.

Iwata anamwalira mu July 2015. Switch, imene antchito osachotsedwa aja ankaikonza, inatuluka mu March 2017, iye osaiona.