Mawu a Kazembe wa Asahrawi mu Mzinda wa Nyerere

Liwu lakuti "kazembe" limakumbutsa Mwata Kazembe wa Alunda a ku Luapula, amene poyamba anali nthumwi ya mfumu yaikulu, Mwata Yamvo. Kazembe, tsono, ndi munthu amene kumbuyo kwake kuli bwalo ndi nthaka. Kazembe wa Asahrawi ku Dar es Salaam sakwana bwino m'tanthauzoli. Boma limene amaliimira, Sahrawi Arab Democratic Republic, linalengezedwa pa 27 February 1976, Spain itangochoka ku Western Sahara. Koma gawo lalikulu la dzikolo lili m'manja mwa Morocco, ndipo maofesi a bomalo ali m'misasa ya othawa kwawo kufupi ndi Tindouf, ku Algeria. Munthuyu alibe malonda kapena ngongole zokopera abwenzi. Chimene amanyamula ndi mawu, choncho mawuwo ayenera kuunikidwa monga zolemba zina zonse.

Mzinda umene amatumikiramo uli ndi khutu lozolowera nkhani zotere. FRELIMO inabadwira momwemo mu 1962, ndipo komiti ya OAU yothandiza omenyera ufulu inakhala momwemo kuyambira 1963 mpaka 1994. Tanzania inavomereza boma la Asahrawi mu 1978. Pamene nthumwi zawo zinakhala pampando ku msonkhano wa OAU ku Addis Ababa mu November 1984, Morocco n'kutuluka, wapampando anali Julius Nyerere. Akazembe monga Brahim Salem Buseif, amene anatumikira ku Dar es Salaam asanapite ku Abuja, analowa m'nyumba yomangidwa kale.

Zolankhula za akazembe a Polisario zimayenda panjira imodzi: dziko lawo ndi lomaliza mu Africa kukhala pansi pa atsamunda; chigamulo 1514 cha United Nations cha 1960; maganizo a khoti la ku The Hague a 1975. Mphamvu yake ndi yakuti mfundo iliyonse ili ndi chikalata poyambira, ndipo wotsutsa amavutika kupeza pogwira. Koma mawu obwerezedwa kwa zaka 50 amafanana ndi khasu lotha: chogwirira chilipo, kuthwa kunapita. Mnyamata wa ku Kariakoo wobadwa Nyerere atamwalira kale angamve manambalawo ngati phunziro la mbiri. Morocco inazindikira zimenezi. Mfumu Mohammed VI itafika ku Dar es Salaam mu October 2016 inalonjeza mzikiti ndi bwalo la masewera. Mzikitiwo unamangidwa ku Kinondoni, ndipo mu January 2017 Morocco inabwerera mu African Union.

Liwu limene lavulala koposa ndi "riferendamu". Kwa Mmalawi liwuli lili ndi tsiku, 14 June 1993, ndi mizere ya anthu oponya voti. Asahrawi analonjezedwa yawo mu 1991, pamene United Nations inakhazikitsa MINURSO. Chilembo R m'dzinalo chikuimira riferendamu imene sinachitikepo, ndipo mu October 2025 Security Council inatenga ganizo la Morocco, lakuti derali lizidziyendetsa lokha pansi pa ufumuwo, kukhala poyambira zokambirana. Ngakhale kalembedwe ka dzina kamasankha mbali. Mzinda umene Asahrawi amaulemba mwa Chisipanishi kuti El Aaiún, Morocco imaulemba mwa Chifalansa kuti Laâyoune, ndipo ndi dzina lachiwirili limene linamveka pamene Zambia inatsegula ofesi yake kumeneko mu 2020, Malawi n'kutsatira mu 2021.

Chodandaulitsa ndi chimene chimatsala pakhomo kazembe akamalowa m'bwalo. Chilankhulo chake chobadwa nacho ndi Chihassaniya, chimene ndakatulo zake zapakamwa zimatchula zitsime, mapiri ndi zigwa ndi maina ake, kotero kuti mwana wobadwira mumsasa amadziwa malo amene sanawaonepo. Alakatuli ena, amene ambiri anaphunzira ku Cuba, anasonkhana ku Madrid mu 2005 pansi pa dzina la Generación de la Amistad, n'kumalemba m'Chisipanishi. Chingerezi cha zikalata za ukazembe chilibe malo a zonsezi. Komatu Dar es Salaam ndi mzinda wa Chiswahili, kumene nyuzi zakhala zikupatula tsamba la ndakatulo, ndipo dzina la Shaaban Robert limadziwika kwa mwana wa sukulu. Kwa omvera otere, dzina la chitsime chimodzi cha ku Tiris, lomasuliridwa bwino, likanafika patali kuposa nambala 1514.