Kuyesa Ophunzira ndi Mphunzitsi m'Masewero a Nthano Zolembedwa pa Intaneti: Ndemanga Yochokera ku Chipata

1.0 Mawu Oyamba

Sukulu zitatsekedwa m'dziko la Zambia mu Marichi 2020 chifukwa cha mliri wa COVID-19, ife ndi anzathu ena ophunzitsa Chinyanja ku Chipata tinasamutsira maphunziro a nthano pa WhatsApp. Mphunzitsi ankayamba nthano, ndipo wophunzira aliyense ankatenga mbali yake, wina Kalulu, wina Fisi, wina mfumu kapena mzimu wa m'dziwe, n'kumalemba zolankhula ndi zochita zake. Masewero otere sanayambe ndi ife. M'chaka cha 1978 Roy Trubshaw anayamba kukonza sewero lotchedwa MUD pa University of Essex, Richard Bartle n'kulipitiriza, ndipo m'zaka za m'ma 1990 aphunzitsi a zilankhulo anatengerapo njirayi. M'nkhani ino tikuunika ndondomeko yoperekera malikisi imene tinaigwiritsa ntchito, chifukwa malikisiwo ankawerengeredwa pa zotsatira za ophunzira amene ankakonzekera ntchito ya uphunzitsi.

2.0 Zofooka za Ndondomekoyi

Ndondomekoyi inkayang'ana zinthu zitatu: kuchuluka kwa mauthenga, kufulumira kuyankha, ndi kalembedwe kolondola.

Poyamba, ziwiri zoyambazo zimayesa thumba la wophunzira osati luso lake. Wokhala m'tauni ya Chipata amalemba nthawi iliyonse, pamene mnzake wa kumudzi ku Chadiza kapena ku Vubwi amadikira kuti apeze netiweki ndi ndalama ya bando. Kuwonjezera apo, pokamba nthano kulankhula kwambiri si umboni wa luso. Omvera amavomera kuti "tilitonse" panthawi yake, ndipo wolowerera pena paliponse amaiwononga nthanoyo.

Kachiwiri, muyeso wa kalembedwe sunasiyanitse mawu a wokamba nthano ndi mawu a mtengambali. Taonani chitsanzo ichi:

(1) Fisi anafika pakhomo ali wefuwefu, nati, "Nifuna nyama yanga, nipatseni manje manje!"

Wolemba chiganizochi anachotseredwa malikisi chifukwa cha "nifuna", "nipatseni" ndi "manje". Komatu mbali yofotokoza, "anafika pakhomo ali wefuwefu, nati", ili m'Chinyanja cha m'mabuku chopanda banga. Iye anasankha dala kuti Fisi alankhule Chinyanja cha m'tauni pofuna kuonetsa kupanda ulemu ndi phuma lake. Wophunzira amene akutha kusinthana mitundu iwiri ya chilankhulo m'chiganizo chimodzi waonetsa luso loposa la amene akudziwa mtundu umodzi wokha. M'dera limene Chichewa, Chinsenga ndi Chingoni zimakumana pamsika umodzi, kulanga luso lotere ndi kulanga khutu lakuthwa.

Vuto lofanana nalo ndi la zilembo. Malamulo a kalembedwe amene Unduna wa Zamaphunziro ku Zambia unavomereza mu 1977 amalemba c pamene a ku Malawi amalemba ch. Ophunzira ambiri a kufupi ndi chipata cha Mwami amawerenga mabuku a mbali zonse ziwiri. Choyenera kufunsa ndi chakuti kodi wophunzirayo wasunga njira imodzi kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto.

3.0 Mphunzitsi Wosayesedwa

Chofooka chachikulu ndi chakuti ndondomekoyi inalibe gawo loyesera mphunzitsi, ngakhale kuti iye ndiye mwini bwalo. Tiyerekeze njira ziwiri izi zoperekera mpata:

(2) Kalulu, kodi ulowa m'phangamo?

(3) Kalulu, pakhomo pa phanga pali mapazi olowa okhaokha, ndipo kumbuyo kwako mvula yayamba.

Funso (2) limabala yankho la liwu limodzi. Chiganizo (3) chimakakamiza wophunzira kulingalira, kusankha ndi kufotokoza. Titawerenganso zolembedwa zathu, tinachita manyazi kuona kuti mipata ya mtundu wa (3) tinkaipereka kwa ophunzira amene tinkawadziwa kale kuti ndi ochenjera, ndipo ofatsa tinkawafunsa ngati pa (2), kenaka n'kuwalemba kuti sanathandize nthano. Mphunzitsi anali wosewera komanso woweruza, ndipo mlandu wake unagwera ena.

Mphunzitsi ayeneranso kuyesedwa pa kusankha atengambali. Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005, ali ndi zinsinsi za kudambwe. Kupatsa wophunzira mbali ya chilombo cha gule ndi kumuika pa mpanipani: wolowa sangaulule, wosalowa sangadziwe, ndipo onse awiri adzaoneka ngati alephera.

4.0 Zoyenera Kusintha

Tikupempha kuti wophunzira aziyesedwa pa mafunso atatu: kodi watola zimene mnzake anasiya, kodi wasunga khalidwe la mtengambali wake, ndipo kodi wasuntha nthano kupita patsogolo? Kalembedwe kaziyesedwa pa mawu ofotokoza okha, ndipo nthawi yoyankhira ikhale tsiku lathunthu. Mphunzitsi naye aziyesedwa pa kagawidwe ka mipata, pa kugwiritsa ntchito maganizo a ophunzira ngakhale atapotoza nthano imene iye anaikonzekera, ndi pa kusunga malamulo a dziko la m'nthanomo mosakondera. Popeza zonse zimatsala zolembedwa, mphunzitsi wachiwiri angathe kuziwerenga maina atachotsedwa, mwayi umene nthano ya pamoto sinatipatsepo.

5.0 Mawu Otsiriza

Sitikunena kuti masewerowa alekedwe, pakuti ophunzira ena amene sankatsegula pakamwa m'kalasi analemba mwaluso atavala dzina la Kamba kapena Nadzikambe. Tikunena kuti malikisi a wophunzira asalembedwe mpaka wina ataona mipata imene mphunzitsi anamupatsa. Ife tinazindikira zimenezi malikisi a chaka chimenecho atatumizidwa kale.