NTHONDO NDI CISOMO CA PA KAFUE

Buku la *Nthondo* linalembedwa ndi Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma Mission, m'dziko limene tsopano lichedwa Malawi. M'caka ca 1933 linapambana pa mpikisano wa mabuku a m'zinenero za mu Afrika, ndipo m'caka ca 1934 T. Cullen Young analimasulira m'Cingerezi, nalicha *Man of Africa*. Nkhani yace ilondola munthu mmodzi kuyambira kubadwa kufikira kufa: mwana wosamvera ndi wakuba, amene apita kukafuna nchito kumaiko a kumwera, nabwera kwao, nalongedwa ufumu wa m'mudzi, ndipo potsiriza atembenuka mtima nakhala Mkristu.

Ambiri powerenga bukuli ayesa kuti cisomo cioneka pa kutembenuka paja pokha. Koma woyang'anitsa adzaona kuti cinayamba kale, pamene anthu a kwao anamlandira Nthondo, osamtaya, ngakhale anadziwa makhalidwe ace. Apa Ntara analemba mwaluso, pakuti sanalalikire. Anangoonetsa mudzi wosunga mwana wace woipa, monga atate uja wa pa Luka 15 anacitira mwana wolowerera.

Cosowa ca bukuli ndi ici: masiku a zoipa za Nthondo awerengedwa mwacifatse, koma masiku a Cikristu cace apita mothamanga. Wowerenga aphunzira bwino m'mene munthu alandirira cisomo, koma aphunzira pang'ono m'mene wocilandirayo acigawira anzace tsiku ndi tsiku. Ndiponso kukoma mtima kwa m'mudzi kuli ndi mphotho yace. Akulu amati kupatsa nkuika; wolimira mnzace lero adziwa kuti mawa adzalimiridwa, cifukwa onse amwa citsime cimodzi, ndipo adzaikidwa m'manda amodzi.

Mnyamata kapena msungwana wotsiriza sukulu ayese tsono bukuli ndi moyo wa pa Kafue, kumwera kwa Lusaka. Njanji inaoloka mtsinje wa Kafue m'caka ca 1906, koma mudziwo unakula kwenikweni Zambia atalandira ufulu m'caka ca 1964, pamene anamangapo fakitale ya nsalu ya Kafue Textiles, ndi ya fataleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia, imene inayamba nchito m'caka ca 1970. Kumeneko kunasonkhana Atonga, Alozi, Abemba, Ansenga ndi Acewa, anthu osiyana zinenero ndi miyambo, okhala m'nyumba zogundana. Wogona khoma limodzi ndi munthu sanali mbale wace. Akacotsedwa nchito anakwera sitima, osaonekanso.

M'malo otere mwambi uja uperewera, pakuti coikidwa kwa mlendo sicibwera kawirikawiri. Munthu wolandira mnyamata wofuna nchito, namgoneka pamphasa mwezi wathunthu, sadziwa ngati adzamthokoza. Kapitao woongola wophunzira nchito pambali, osamcititsa manyazi pamaso pa anzace, salandira kanthu pa malipiro ace. Mai wopita kukagona pamaliro a munthu wa mtundu wina sayembekeza kuti a kwao kwa womwalirayo adzafika pa maliro ace. Apa ndi pamene cisomo cisiyana ndi ngongole: ngongole iwerenga cobwera, cisomo cikumbukira cimene cinalandiridwa kale kwa Mulungu kwaulere. Fanizo la pa Mateyu 18 litsutsa kapolo amene anakhululukidwa mangawa akuru, koma iye nakanyanga mnzace pakhosi cifukwa ca mangawa ang'ono.

Pambuyo pace fakitale ya nsalu inaleka nchito, ndipo mabanja ambiri a pa Kafue anasauka. Nthawi yotere iyesa Cikristu koposa nthawi ya malipiro, cifukwa kugawa ufa uli wodzala m'thumba nkosabvuta, koma kugawa wa pansi pa thumba kufuna mtima wina. Nkosabvutanso kunyoza wocotsedwa nchito, kuiwala kuti caona mnzako capita, mawa cili pa iwe.

Motero *Nthondo* ndi buku loyenera kuwerengedwa, ndipo Cinyanja cace ndi coyenera kutsanziridwa ndi onse ofuna kulemba. Koma liima pakhomo pamene wowerenga wa m'tauni afuna kulowa. Lionetsa wocimwa wolandiridwa ndi abale ace; silifika pa mlendo wolandiridwa ndi osamdziwa. Wotsiriza sukulu amene adzafika pa Kafue ndi cikalata cace m'manja adzadya nsima ya munthu amene alibe naye mangawa. Tsiku lina, iye ali ndi nyumba yace, wina adzagogoda pa citseko madzulo, wosadziwa cinenero cace, ndipo pamenepo padzaoneka ngati bukulo analimva.