Mthunzi wa Zilembo pa TV: Akufuna Muwerenge Ziti?

Anzanga okonda zolembalemba, sabata ino tisiye kaye ndakatulo ndi nthano. Tiyeni tione malemba amene timakumana nawo madzulo alionse osawaganizira: mawu olembedwa m'malonda a pa TV. Nawonso ali ndi mlembi wake, ndipo iyeyo ndiye amasankha zoti muone ndi zoti zikudutseni.

Malonda akajambulidwa, ntchito imasamukira pa kompyuta, m'mapulogalamu ngati After Effects kapena Premiere Pro. Kumeneko ndi komwe amaika mawu pamwamba pa chithunzi. Vuto lake n'lakuti chithunzi chimayenda. Zilembo zoyera zimaoneka bwino pa jekete lakuda, koma mwini jeketeyo akangosuntha, kumbuyo n'kutsala mitambo kapena khoma la laimu, zilembo zija zii! Mankhwala ake ndi drop shadow, kamthunzi kakuda koikidwa kuseri kwa chilembo chilichonse, kawirikawiri chakumunsi kumanja. Wokonza amasankha kuda kwake, kutalikira kwake ndi kufewa kwa m'mphepete mwake. Akachita mwaluso, kamthunziko simukaona n'komwe, mumangowerenga basi. Akapyola muyezo, chilembo chimakhala ngati chalembedwa kawiri, ndipo kachipewa ka pa ŵ kamasanduka kadontho ka matope.

Tsono nali dandaulo langa. Mukamaonera malonda a ngongole, a mabandulo kapena a kubetcha, yang'anitsitsani kumene luso lapita. Mawu akuti "ULERE" kapena "WINANI" amabwera onenepa, amthunzi wake wosalala, mwinanso akuvina. Nanga mawu onena za chiwongoladzanja, tsiku lotha bandulo, kapena zaka zoyenera kubetcha? Tizilembo towonda, totuwa, tounjikana pansi penipeni, popanda mthunzi kapena ndi mthunzi wotiphimba. Mukangophethira, tapita. Munthu amene wadziwa kukometsera mawu akuluwo sangalephere kuonetsa ang'onowo. Wachita kusankha. Paja akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ku Britain nkhaniyi anaiikira malamulo. Malonda ambiri a pa TV amayamba aunikidwa ndi bungwe la Clearcast asanaulutsidwe, ndipo la ASA limalandira madandaulo a oonera. Malangizo awo amati mawu olembedwa akhale pa sikirini nthawi yokwanira kuwerenga mawu 5 pa sekondi, kuwonjezerapo masekondi 2 kapena 3 oti diso liyambe lawapeza. Ndiye kuti chenjezo la mawu 20 liyenera kukhala masekondi 7. Amatinso ngati chithunzi chakumbuyo chikusokoneza, mawuwo aikidwe pa kabokosi ka mtundu umodzi. Apa mfundo ndi yomveka: mthunzi uli ndi malire ake, sungapulumutse zilembo zimene zaikidwa pamalo olakwika.

Komatu ngakhale muyezo umenewo sitingangoutola mmene ulili. Unapangidwira Chingerezi, chimene mawu ake ambiri ndi aafupi. Ife liwu limodzi, monga "simudzabwezeredwanso", ndi chiganizo chathunthu. Kodi mungawerenge asanu otere pa sekondi imodzi? Chichewa chimafuna malo ndi nthawi yochulukirapo, koma nthawi zambiri chimangopanikizidwa m'kampata kamene anayezera Chingerezi. Choipa kwambiri n'chakuti nthawi zina lonjezo limabwera m'Chichewa chokoma, chenjezo n'kutsalira m'Chingerezi. Agogo kumudzi amva kuti awina, koma sanauzidwe zimene angataye.

Inu amene mumakangana kuno za mpumiro ndi nkhodolero, musanyoze nkhani ya mthunziyi ngati ya anyamata a makompyuta okha. Nayonso ndi nkhani ya ulemu kwa owerenga. Usiku uno malonda akayamba, musathamangire kukatereka tiyi. Yesani kuwerenga mokweza tizilembo ta pansito, muone ngati mufike kumapeto tisanazimiririke. Mukalephera, musadandaule za maso anu. Funsani kuti amene analemba ankafuna muwerenge ziti.