Potashi si Phulusa, Ndiponso si Soda

Kapepala kena kolangiza alimi, kamene ndinatola m'sitolo ya zipangizo zaulimi mumsewu wa Malangalanga ku Old Town, mumzinda wa Lilongwe, kamasulira mawu oti "potash" ponseponse kuti "phulusa". Chichewa chake n'chosalala ndithu, koma pa mawu amenewa womasulira anaphonya, ndipo wolira ndi mlimi.

Tisafulumire kumudzudzula. Mawu a Chingereziwa anachokeradi ku mphika ndi phulusa, pakuti kale Azungu ankaviika phulusa la nkhuni m'madzi, n'kuphwetsa madziwo mumphika kufikira patatsala mchere woyera. Ngakhalenso chilembo K, chimene chimaimira potaziyamu, chinachokera ku mawu oti "kalium", amene gwero lake ndi mawu a Chiarabu otanthauza phulusa la zomera. Potaziyamuyo anayamba kumupatula payekha ndi Humphry Davy mu 1807. Koma potashi wa m'thumba la fetereza lero amakumbidwa m'migodi, makamaka ku Canada, Russia ndi Belarus, ndipo wochuluka ndi potaziyamu kolorayidi. Pathumba amaimiridwa ndi nambala yachitatu, ndiye chifukwa chake fetereza wa 23:21:0+4S, amene alimi a chimanga anamuzolowera kwa zaka zambiri, alibe potashi n'komwe. Tsono mlimi akauzidwa kuti nambala imeneyi ndi ya phulusa, adzayesa kuti kadengu kamodzi ka phulusa la pamoto n'kokwanira munda wonse wa fodya.

Mawu athu amene ayandikira kwambiri ndi "chidulo", madzi aja amene amayi amasefa m'phulusa la zitsononkho, makoko a mtedza kapena mitengo ya nyemba pofuna kuphikira therere. Mphamvu yake yofewetsa ndiwo ili mu potaziyamu kaboneti, amene ndiye potashi wakaleyo. Mawuwa ndi okoma m'kamwa, ndipo kukana kuwalemba pathumba la fetereza kumandiwawa. Komabe chidulo n'cha m'ndiwo. Tikatcha fetereza dzina la chinthu chodyedwa, tsiku lina mwana adzatapa m'thumba n'kuthira mumphika.

Chisokonezo china chili m'makhitchini a ku Area 10 ndi Area 43, kumene soda wogula analowa m'malo mwa chidulo, kotero kuti ana ambiri amayesa ziwirizi n'chimodzi. Soda ndi wa sodiyamu, osati potaziyamu. Aphunzitsi, izi n'zofunika kuzinena poyera m'kalasi.

Choncho tibwereke mawuwa, tizilemba "potashi". Kalembedwe aka si kachilendo, poti "poto" tili naye kale, ndipo "sh" timamulemba mu "shati" ndi "shuga". Agwirizane ndi mawu ena monga achitira "fetereza": potashi wabwino, potashi watha. Akonzi a m'maofesi a ku City Centre asiye kulola "potash", "potasi" ndi "phulusa" kupezeka patsamba limodzi.